Mlatho wakuda, thambo loyera: kukonza zithunzi zokanika ku St Ives

Vuto lake ndi lomwelomweli chaka ndi chaka. Munthu watsika basi yochokera ku Cambridge cha m'ma 2 koloko masana, wayenda mpaka pagombe lotchedwa The Quay, waona mlatho wamiyala wokhala ndi katchalitchi pakati pake, mtima wasangalala. Watulutsa foni, wajambula. Madzulo potsegula zithunzi zija, mlatho wada bii, thambo layera mbee lopanda ngakhale mtambo umodzi, madzi atuwa, ndipo mlamu amene anaima kutsogolo akungooneka mano okha. Ambiri amathamangira kunena kuti foni ndi yotchipa. Foni ilibe mlandu. Chalakwika ndi nthawi imene mwafika ndi mbali imene mwaima, ndipo zinazo ndi zing'onozing'ono zotsatira pambuyo.

St Ives amene tikunena pano ndi wa ku Cambridgeshire, m'mbali mwa mtsinje wa Great Ouse, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Cambridge ndi 8 kuchokera ku Huntingdon. Si uja wotchuka wa kunyanja ku Cornwall. Izi zikukhudza kujambula mwachindunji: mukalemba dzinali pa app ya zanyengo kapena yoonetsa nthawi yotuluka dzuwa, kawirikawiri imakupatsani wa ku Cornwall, amene ali kutali kumadzulo, ndipo mitambo yake ndi nthawi zake n'zina. Onjezerani Cambridgeshire kapena PE27, nambala ya positi ya derali, kuti musakonzekere nyengo ya eni ake.

Yambani ndi kufunsa kuti dzuwa lili kuti

Pamenepa mtsinje umachokera chakumadzulo kulowera chakum'mawa. Tauni ili kumpoto kwa madzi, mlatho umadutsa kuchoka kumpoto kupita kummwera. Katchalitchi kaja, kamene kanapatulidwa mu 1426, kanamangidwa mbali ya kum'mawa, kumunsi kwa mtsinje, ndipo The Quay ili mbali yomweyo. Ndiye kuti nkhope ya mlatho imene aliyense amafuna, ya katchalitchi ndi zipata 6 zodutsa madzi, imalandira dzuwa m'mawa. Likangopendeka masana limapita kuseri, inu n'kutsala mukujambula mthunzi, dzuwa likukuwombani m'maso. Palibe batani limene lingasinthe zimenezo.

Amene tinazolowera dzuwa la kwathu timasokonezeka pawiri. Choyamba, ku England dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse, silifika paliwombo. Mu Juni limakwera madigiri pafupifupi 61, mu Disembala 14 okha, pamene ku Lilongwe ngakhale m'nyengo yozizira limapitirira 50. Chachiwiri, "m'mawa" wa kumeneko alibe nthawi imodzi. Mu Juni limatuluka isanakwane 5 koloko, ndipo limatulukira kumpoto chakum'mawa, kuseri kwa nyumba za m'tauni, choncho kuwala kumachedwa pang'ono kufika pamiyala. Mu Disembala limatuluka itadutsa 8 koloko, kummwera chakum'mawa, n'kumayenda chokwawa mmunsimmunsi, kuwala kwake kofiirira kukugunda katchalitchi bwinobwino kwa maola angapo. Ine ndimati m'mawa wa tsiku lopanda mitambo pakati pa Okutobala ndi Febuluwale ndiye wabwino kuposa onse, ngakhale kuti zala zimauma.

Nanga ngati basi yakufikitsani masana ndipo simungabwerenso? Musalimbane ndi The Quay. Wolokani mlatho, tsatani kanjira kolowera kudambo la Hemingford Meadow, tsidya la kummwera chakumtunda. Kumeneko dzuwa la masana limakhala kumbuyo kwanu kapena pambali, likuwalitsa tauni yonse, mitengo ya m'mbali mwa madzi ndi nsanja yosongoka ya tchalitchi cha All Saints. Katchalitchi ka pamlatho simukaona bwino kuchokera uko, inde, koma mupeza chithunzi choyera m'malo mwa chakuda.

Njira ina ndi kuvomereza mthunziwo n'kuugwiritsa ntchito. Dikirani pa The Quay mpaka dzuwa lilowe, mujambule mlatho ngati chinthu chakuda chodulidwa pathambo lofiira, zipata zikuonekera kuwala. Kumeneko mdima sugwa msangamsanga monga umachitira kwathu. Dzuwa likalowa pamatsala nthawi yaitali ndithu thambo lili lobiriwira, magetsi a m'nyumba atayatsidwa, kuwala kwa kumwamba ndi kwa pansi kutalingana. Nthawi imeneyo vuto la thambo loyera limatha lokha.

Kamera ikuyeza molakwika, ithandizeni

Kamera iliyonse, ya foni kapena yaikulu, imaona kuwala konse kumene kwalowa n'kuyesa kukubweretsa pakatikati, potuwa. Pamtsinje theka la chithunzi ndi thambo ndi madzi owala, ndiye imadetsa zonse kuti zilingane, miyala n'kuda. Mukadina pamlatho kuti uwale, thambo limapsa. Diso lanu limatha kuona zonse ziwiri nthawi imodzi, kamera siyifika pamenepo.

Lamulo ndi lakuti tetezani mbali yowala. Malo akuda mukhoza kuwadzutsa pokonza, koma pamene payera kotheratu palibe chimene chinasungidwa, ngakhale mutakoka chotani. Pa foni dinani pamlatho osachotsa chala mpaka ikuuzeni kuti yatseka muyezo, kenako kokerani kadzuwa kaja pansi pang'onopang'ono mpaka mitambo iyambe kuoneka. Chithunzi chioneka chakuda kuposa mmene mukufunira, chisiyeni choncho. HDR, imene imaphatikiza yokha chithunzi chowala ndi chakuda, ikhale yoyatsa. Pa kamera yaikulu tsitsani batani la +/- kufika pa -0.7 kapena -1, jambulani RAW (fayilo yosafinyidwa, yosunga zonse zimene kamera yaona), ndipo muzikhulupirira histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, osati sikirini, chifukwa panja sikirini imanama. Kaphiri ka pa histogram kakangogunda khoma la kumanja, tsitsaninso. Ngati muli ndi tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera, jambulani zitatu, china chakuda, china chapakati, china chowala, mukaziphatikize pa kompyuta.

Pokonza, kwezani shadows (malo akuda), tsitsani highlights (malo owala), brightness musayikhudze kwenikweni. Koma musapitirire muyeso. Pansi pa zipata payenera kukhala pakuda ndithu. Mukadzutsa mthunzi wonse, mlatho umaoneka ngati wojambula pamanja, wopanda kulemera kwa mwala.

Nkhope zathu kutsogolo kwa madzi

Apa ndi pamene ambiri timapwetekeka, ndipo malangizo ambiri ojambulira matauni a ku Ulaya sanenapo kanthu. Khungu lakuda limabweza kuwala kochepa, ndiye likaikidwa kutsogolo kwa madzi onyezimira ndi thambo loyera, kusiyana kumakula kuposa zimene kamera ingakwanitse. Zotsatira zake ndi ziwiri: nkhope yakuda yopanda maso, kapena foni yadzutsa nkhope mokakamiza n'kuisandutsa yotuwa ngati yadwala.

Chithandizo choyamba n'chosavuta: mtembenuzeni munthuyo. Nkhope iyang'ane kumene kukuchokera kuwala, kaya ndi dzuwa la m'mawa kaya ndi mbali yowala ya thambo. M'mawa pa The Quay zimangochitika zokha, poti dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula, likuwalitsa munthu ndi mlatho womwe. Chachiwiri, onani chimene chili kumbuyo kwa mutu wake. Sunthani mapazi mpaka kumbuyoko kukhale miyala ya mlatho kapena mitengo, osati madzi kapena thambo. Kungonyonyomala kapena kuimirira pamalo okwera pang'ono kumasintha zimenezi. Kenako dinani pankhope, osati pamlatho, ndipo thambo likapsa pang'ono kumwamba lidulenipo. Pa chithunzi cha munthu, munthuyo ndiye wofunika.

Ngati dzuwa lili kumbuyo kwake ndipo palibe kochitira, mpatseni kuwala kwina. Flash ya kamera yaikulu imathandiza masana munthu akakhala pa mamita awiri kapena atatu. Kanyali ka foni n'kofooka, musakadalire. Nsalu yoyera kapena nyuzipepala yotambasula, wina atagwira chammunsi kutsogolo kwake, imabweza kuwala kokwanira kudzutsa maso ndi masaya. Jekete loyera kwambiri limaonjezera vuto chifukwa limapsa nkhope isanawale. Zovala za mtundu wapakati, zofiira, zobiriwira, chitenje chamaluwa, zimagwirizana bwino ndi miyala yotumbulukayo.

Ndipo tsiku la mitambo, limene ena amalidandaula, ndilo labwino pa nkhope zathu. Kuwala kumakhala kofewa, kopanda mithunzi yolimba m'maso ndi pansi pa mphuno, mtundu wa khungu umatuluka weniweni.

Tsiku lotuwa

Masiku ambiri kumeneko kumacha ngati kwagwa chiperoni: thambo limodzi lotuwa, kamvula kowaza, popanda mthunzi. Musadikire kuti kuyere, mwina sikuyera. Chotsani thambo m'chithunzi. Lozetsani kamera pansi pang'ono, thambo litsale kachigawo kakang'ono kapena lisakhalepo, mudzaze ndi miyala, madzi ndi njerwa. Mwala wonyowa umaonetsa mtundu wake kuposa wouma. Zithunzi zikamatuluka zobiriwira mozizira, sinthani white balance ikhale pa kamtambo, kapena onjezerani warmth pang'ono pokonza. Kukachita nkhungu, kamera imaidetsa kuti ikhale yotuwa, ndiye apo kwezani +/- m'malo motsitsa, cha pa +0.7. Nkhungu imakonda kugona padambo ndi pamadzi m'mawa wa nyengo ya Okutobala, usiku kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo, ndipo siichedwa kuchoka dzuwa likakwera.

Madzi akukana kuonetsa mlatho

Mwaona zithunzi za ena, zipata zikuoneka kawiri, kumwamba ndi m'madzi, koma kwa inu madzi angokhala matope. Zifukwa zake ndi zitatu ndipo chachikulu ndi msinkhu umene mwaimira. Madzi ukawayang'ana molunjika pansi amabweza kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi 2 peresenti, kwina konse kumalowa mkati, n'chifukwa chake umaona matope ndi udzu wa pansi. Ukatsika n'kuwayang'ana chopendekera, amabweza kochuluka. Choncho nyonyomalani, kamera ifike pafupi ndi madzi mmene mungathere. Pa foni itembenuzeni dodolido, lenzi ikhale mmunsi. Gwirani zolimba, m'mphepete mwa gombelo mumaterera chifukwa cha ndere ndi zitosi za mbalame.

Chachiwiri ndi mphepo. Dera limeneli ndi lathyathyathya, mphepo ilibe choitchinga, ndipo kawirikawiri imadzuka dzuwa likatentha. M'bandakucha madzi amakhala bata. M'chilimwe onjezanipo maboti: limodzi likadutsa, timafunde timatenga mphindi zingapo tikugunda khoma n'kubwerera. Dikirani. Abakha ndi mbalame zazikulu zoyera zija za khosi lalitali nazonso zimavundula madzi, makamaka wina akayamba kuziponyera chakudya. Ngati mukuzifuna m'chithunzi, shutter ikhale yachangu, 1/500 ya sekondi kapena kufulumira kuposa apo, ndipo tsitsani kuwala, poti nthenga zoyera zimapsa msanga kuposa thambo. Ngati simukuzifuna, sunthirani kumapeto kwa gombe kumene kulibe anthu.

Chachitatu chimagwera a makamera akuluakulu: polariser, galasi lozunguza loika kutsogolo kwa lenzi. Ntchito yake ndi kuchotsa kunyezimira, ndiye mukaizunguza mpaka kumapeto imafafaniza chithunzithunzi chimene mukufunacho. Izunguzeni mukuyang'ana, muime pamene madzi akuonetsa bwino, kapena ichotseni. Madzi akakana kudekha, ikani kamera pa tripod, ISO 100, f/11, shutter ya masekondi angapo m'chisisira. Timafunde timasalala, mitundu n'kutsala. Ndipo chithunzithunzi cha m'madzi chimakhala chakuda kuposa chinthu chenichenicho. Mukachiwalitsa pokonza mpaka zilingane, aliyense amaona kuti pali chachilendo ngakhale sanganene kuti n'chiyani.

Mlatho wachepa, nyumba zikugwa chagada

Iyi ndi ntchito ya 0.5x, lenzi yotambalala ya pa foni. Lenzi yotambalala imalowetsa zambiri koma imakankhira kutali chinthu chimene mwabwerera, katchalitchi n'kusanduka kachidontho. Bwererani m'mbuyo motsata gombe, mugwiritse 2x kapena 3x. Zipata zimayandikana, katchalitchi kamakula, nyumba yakale yamatabwa ya Manor House imene ili kumapeto kwa mlatho imalowa bwino. Osapitirira lenzi imene foni yanu ili nayo. Kupitirira apo foni imangodula ndi kukulitsa, miyala n'kuoneka yopakapaka.

Nyumba zimapendekera m'mbuyo mukalozetsa kamera kumwamba. Vutoli limakula pa Market Hill, pamene pali chiboliboli cha Oliver Cromwell, amene analamulirapo England, ndi nsanja yaitali ya tchalitchi cha Free Church. Yatsani mizere ya pa sikirini, foni iime chilili, mubwerere m'mbuyo mpaka nsonga ilowe. Msewu wochuluka umene watsala mmunsi mudzadula. Siyani mpata m'mbali ngati mukufuna kudzawongola pokonza, chifukwa kuwongola kumadya m'mphepete. Lolemba ndi Lachisanu ndi masiku a msika, matebulo ndi magalimoto amadzaza pamenepo. Mukafuna nyumba zokha bwerani tsiku lina.

Chithunzi chayera bwino koma sichikuonetsa ukale

Ili ndi vuto la mtundu wina, ndipo kamera singalithetse. Mwauzidwa kuti tauniyi ndi ya zaka pafupifupi 1,000, koma zithunzi zanu zikuonetsa mashopu ndi nyumba zanjerwa ngati tauni ina iliyonse ya ku England. Chifukwa chake n'chakuti moto waukulu wa mu 1689 unawononga gawo lalikulu, ndipo zambiri zimene zaima lero zinamangidwa pambuyo pake. Ukale ulipo, koma uyenera kudziwa pouyang'ana.

Malowa poyamba anali kamudzi kotchedwa Slepe. Cha m'ma 1001 munthu wina polima anafukula bokosi lamwala, amonke a ku Ramsey Abbey n'kulengeza kuti ndi mafupa a Ivo, bishopu wochokera ku Persia. Anthu anayamba kubwera kudzapemphera, ndipo mu 1110 mfumu Henry I inapereka chilolezo cha msika waukulu wa pa Pasaka, umene unakula kukhala umodzi mwa misika ikuluikulu ya ku England, amalonda a nsalu akuchokera ngakhale kutsidya kwa nyanja. Msika umenewo ndiwo unaumba tauni. Misewu yotambalala modabwitsa ya The Broadway ndi Market Hill ndi bwalo lake lakale, ndipo tinjira topapatiza totsikira kumtsinje ndimo munkadutsa katundu. Ndiye imani mkati mwa kanjira kotero mujambule chotulukira, makoma akuda mbali zonse, madzi akuwala kumapeto. Yezani kuwala pamadziwo, makoma ade. Chithunzi chimenecho chimanena zambiri za St Ives kuposa cha shopu iliyonse.

Pamlatho penipeni yang'anani zipata. Zinayi n'zosongoka pamwamba, mamangidwe a m'ma 1400. Ziwiri za kummwera, zimene zili kumanzere mukaima pa The Quay, n'zozungulira. Mu 1645, pa nkhondo yapachiweniweni, asilikali a mbali ya Parliament anagumula gawo limenelo n'kuikapo mlatho wokweza ndi kutsitsa kuti atchinge adani, ndipo linamangidwanso mu 1716 mwa mamangidwe a nthawi imeneyo. Anthu ambiri amadula zipata ziwirizo m'chithunzi pofuna kuika katchalitchi pakatikati. Musatero. Katchalitchi kakhale chakumanja, zipata zonse 6 zilowe, kusiyana kwake kuoneke.

Katchalitchiko ndi kamodzi mwa matchalitchi anayi okha a pamlatho amene atsala ku England; ena ali ku Rotherham, Wakefield ndi Bradford-on-Avon. Kanakhalapo nyumba yogonamo anthu, mu 1736 anakaonjezera nsanjika ziwiri pamwamba, ndipo anazichotsa mu 1930 poopa kuti kulemera kwake kuwononga maziko. Mukaona chithunzi chakale chili ndi nyumba yaitali pakati pa mlatho musaganize kuti ndi malo ena. Ku Norris Museum, kufupi ndi gombe lina lotchedwa The Waits, n'kumene mungaone mbiri ya derali ndi kufunsa za masiku amene katchalitchi kamatsegulidwa, poti sikakhala kotsegula nthawi zonse. Mukalowa, mkati ndi mwamdima ndipo mawindo ndi owala: tsamirani khoma, zimitsani flash, yezani pakhoma loyandikana ndi windo.

All Saints nayo mbali yaikulu ndi ya m'ma 1400, ngakhale nsanja yake inamangidwanso ndege itaigunda mu 1918. Cromwell anakhala m'tauniyi kuyambira 1631 mpaka 1636, chiboliboli chake chinaikidwa mu 1901. N'chabwino kujambula, koma si ndicho chingaonetse zaka za amonke. Kummwera kwa mlatho kuli msewu wokwera wa mu 1822 wokhala pa zipata zanjerwa 55, umene alendo ambiri amayendapo osadziwa, chifukwa zipatazo zimaoneka ukatsikira m'mbali.

Tizinthu totsala

Chithunzi chooneka ngati chili ndi utsi, makamaka moyang'anana ndi kuwala, nthawi zambiri ndi mafuta a zala pa lenzi. Pukutani musanayambe. Mukatuluka kozizira n'kulowa m'nyumba ya tiyi yofunda, lenzi imachita nthunzi. Siyani kamera m'chikwama chotseka itenthe pang'onopang'ono. Kuzizira kumamaliza batire msanga, choncho yapadera ikhale m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi. Anthu pamlatho sadzatha, chifukwa ndiyo njira ya oyenda pansi ndi a njinga, ngakhale magalimoto ambiri anasamukira ku msewu wolambalala kuyambira 1980. Munthu mmodzi akuoloka amathandiza kuonetsa kukula kwa mlatho. Gulu ndilo limasokoneza, ndipo m'mamawa silikhalapo.

Ena zithunzi zimakhala zabwino pa foni koma zikafika kumudzi pa WhatsApp miyala yaphwanyikaphwanyika, thambo lili mizeremizere. WhatsApp imafinya zithunzi. Dinani HD musanatumize, kapena tumizani ngati document, koma muwachenjeze olandirawo poti bandulo idyeka.

M'nyengo yozizira onani kaye machenjezo a madzi osefukira a bungwe la boma la Environment Agency musanapite kudambo. Great Ouse imasefukira kawirikawiri, ndipo mu 1947 ndi 1998 inavuta kwambiri. Hemingford Meadow imatha kumira yonse n'kukhala ngati nyanja, nsanja ya All Saints ikuonekera m'madzi, zokongola zedi, koma jambulani muli pamlatho kapena pamsewu wokwera uja. Kanjira kakamira, simungaone pamene dambo lathera ndi pamene mtsinje wayambira. Madzi akaphwa matope amatsala milungu ingapo, ndiye tengani jombo.